Uvuni wa gasi wa mu bekale ukamakana kuyaka kapena kumazimira panjira

Mauvuni ambiri a gasi amene ali m'mabekale ndi m'malesitilanti a mu Lilongwe, kaya ndi a madeki ophikira buledi ndi masikono kapena aja okhala ndi fani kumbuyo, amadalira zinthu ziwiri nthawi imodzi: gasi wa m'silinda ndi magetsi oyendetsa zida zoyatsira moto. Chimodzi chikavuta, chimene mumaona n'chofanana: moto palibe, kapena wayaka n'kuzima. N'chifukwa chake ambiri amathamangira kukagula bokosi latsopano loyatsira moto, ndalama n'kupita, vuto n'kutsala pomwepo. Kawirikawiri bokosilo silikhala ndi mlandu. Cholakwika chimakhala regyuleta (chida chochepetsa pulesha ya gasi wochokera m'silinda) yochepa mphamvu, waya wa earth (wolumikiza thupi la uvuni ku nthaka) amene waduka kuseri kwa uvuni, kapena mwaye pa kachitsulo komva lawi.

Uvuni umayaka potsata ndondomeko yomweyomweyo tsiku lililonse, ndipo ndondomekoyi imamveka ndi makutu. Mukayatsa switchi, manambala amaoneka pa kabokosi kowerenga kutentha. Kutentha kukakhala kotsika kuposa kumene mwatchera, kabokosiko kamatumiza magetsi ku bokosi loyatsira moto. Mu mauvuni ena kafani kamayamba kapemerera kwa masekondi angapo kuti katulutse gasi wotsalira. Kenako mumamva sipaki ikuthetheka, valavu ya solenoid, yotsegulira gasi ndi mphamvu ya magetsi, imalira kamodzi potseguka, moto umagwira, sipaki imasiya. Moto ukapanda kuoneka m'masekondi 5 mpaka 10, bokosi limatseka valavu ndipo alamu imalira. Imani pafupi, mvetserani, muone kuti ndondomekoyi yaimira pati. Vuto lili pamenepo kapena pa sitepe imene yangodutsa.

Mukamva fungo la gasi

Apa palibe zofufuza ndi moto kapena magetsi. Tsekani pa silinda, tsegulani zitseko ndi mawindo onse, musakhudze switchi iliyonse, ngakhale yozimitsa getsi, ndipo mbaula ya makala ikakhala pafupi ichotsedwe. Gasi wa m'silinda, wotchedwa LPG, ndi wolemera kuposa mpweya, choncho sakwera kudenga. Amatsetsereka pansi n'kukadikha pansi pa uvuni, m'ngalande ndi m'makona, ndipo akangofika magawo awiri pa 100 alionse a mpweya wa m'chipinda, kasipaki kakang'ono kamakwana kumuyatsa. Fungo likatha, sungunulani sopo wotsukira mbale m'madzi, tsegulani silinda, pakani thovu pa joini iliyonse kuyambira pa regyuleta mpaka pa valavu. Pamene thovu likutukumuka ndi pamene gasi akutulukira. Machesi sayeserapo gasi. Paipi ya labala yong'aluka, youma kapena yodyedwa ndi makoswe sikulungidwa tepi, imachotsedwa yonse.

Uvuni uli zii, manambala sakuoneka

Iyi ndi mbali yosavuta. Yesani soketi ndi chipangizo china, yang'anani breaker, kenako tsegulani pulagi muone fyuzi. Mauvuni ambiri ali ndi kafyuzi kena ka galasi kuseri kwa panelo, ndipo kamakonda kupsa magetsi akabwera mwamphamvu atazima, kapena m'nyengo ya ziphaliwali kuyambira Novembala mpaka Epulo. Ikani ka mlingo womwewo umene walembedwa pa chisoti chake. Kakapsanso nthawi yomweyo, pali waya amene wakhudza chitsulo kapena koilo ya valavu (waya wokulungidwa amene amaitsegula) yapsa mkati. Musamangepo waya wa kopa, chifukwa mukatero chopsa chotsatira ndi bolodi la zida za magetsi.

Zulani pulagi musanatsegule panelo. Mkatimo n'mofunda ndipo mumagwera ufa, choncho mphemvu ndi makoswe amamangamo. Mukapeza zitosi, mawaya okukutidwa kapena mphemvu zopsa pa bolodi, mwapeza poyambira. Yang'ananinso thermostat yachitetezo, imene imadula magetsi uvuni ukatentha mopyola malire. Ili ndi kabatani kofiira kapena kakuda kodina uvuni ukazizira. Kudina kamodzi n'kololedwa, koma ikamadula mobwerezabwereza pali chifukwa chake: valavu siikutseka bwino, fani yaima, kapena chumuni chatsekeka. Kuilumphitsa ndi waya ndiko kuchotsa chida chomaliza chimene chikanaletsa bekale kupsa.

Magetsi a ESCOM amayenera kukhala 230V. Yesani ndi multimeter, mita yoyesera magetsi, pa soketi uvuni ukugwira ntchito, makamaka madzulo pamene aliyense akuphika. Akatsika pansi pa 200V, solenoid imang'ung'udza osatseguka bwinobwino, sipaki imafooka, ndipo uvuni womwewo umene umayaka bwino mbandakucha umakana dzuwa likalowa. Mankhwala ake ndi stabiliser, chida chokhazikitsa mlingo wa magetsi, ndipo siifunika yaikulu ngati ikungodyetsa zida zoyatsira moto ndi kafani.

Sipaki ikuthetheka koma moto sukugwira

Yambani mwaona sipakiyo ndi maso, gasi ali wotseka. Iyenera kukhala yabuluu, yodumpha kuchoka pa nsonga ya kachitsulo ka sipaki kupita pa burner (chitsulo cha timabowo pamene pamayaka moto), mpata wa mamilimita 3 kapena 4. Ikamamveka koma osaoneka pa nsonga, ikudumphira kwina: dothi loyera lokuta kachitsuloko lang'aluka, kapena waya wake wapsa n'kukhudza thupi la uvuni. Mumdima mumaiona bwino pamene ikuthawira. Nthawi ya mvula, kapena uvuni ukatsukidwa ndi madzi ambiri, chinyezi pa dothilo chimachitanso zomwezi mpaka liume.

Sipaki ikakhala bwino, mvetserani valavu. Ikapanda kulira, yesani ngati magetsi akufika pa koilo yake pa masekondi amene sipaki ikuthetheka. Akafika koma valavu osatseguka, zulani pulagi, chotsani mawaya a koilo, muyese ma ohm. Mita ikaonetsa kuti njira ndi yoduka, koiloyo yapsa. Magetsi akapanda kufika, bwererani m'mbuyo: switchi ya pa chitseko, kaswitchi koyang'anira mphepo ya fani, kenako bokosi loyatsira moto.

Valavu ikamalira koma moto osagwira, nkhani ili ku gasi, ndipo kuno ndi kumene mavuto ambiri a m'mabekale amachokera.

Choyamba, gasi alimo? Kugwedeza silinda kumanamiza. Pa silinda pamadindidwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Iikeni pa sikelo, chotserani nambala imeneyo, chotsala ndiye gasi. Ngati mwangosintha kumene silinda, m'paipi mumakhala mpweya, ndipo uvuni ungafune kuyesedwa kawiri kapena katatu. Pakati pa kuyesaku tsegulani chitseko cha uvuni mudikire mphindi 5. Kudina batani motsatizana kumadzaza gasi m'chipinda chophikira, ndipo akadzagwira amaphulika n'kukankha chitseko kumaso kwa munthu.

Chachiwiri ndi regyuleta. Kumbuyo kapena m'mbali mwa uvuni muli kachitsulo kolembedwa mtundu wa gasi, pulesha imene uvuniwo umafuna, ndi mphamvu yake. Ambiri a LPG amafuna 28 mbar, imene ena amalemba 2.8 kPa kapena 2800 Pa, ndipo ena amafuna 37 mbar. Pulesha ikhoza kukhala yolondola koma regyuleta n'kulephera kupereka gasi wokwanira. Kilogalamu imodzi ya LPG imapereka kutentha kwa pafupifupi 13 kWh, choncho uvuni wolembedwa 26 kW umadya makilogalamu awiri pa ola ma burner onse akayaka. Regyuleta ya sitovu ya m'nyumba nthawi zambiri imathera pa kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka pa ola. Zotsatira zake n'zodziwika: deki ya pamwamba imayaka bwino yokha, mukayatsa yachiwiri moto umafota, yachitatu alamu imalira. Pogula regyuleta werengani manambala onse awiri, la pulesha ndi la makilogalamu pa ola. Paipi yopyapyala kapena yotalika kwambiri imabweretsa vuto lomweli.

Ena akaona moto wachepa amaikapo regyuleta ija yopotokola, ya pulesha yaikulu, imene amagwiritsa ntchito okazinga tchipisi. Chonde musatero. Valavu ya uvuni inapangidwira pulesha yochepa. Ikalandira yaikulu imakana kutseguka, kapena labala wa mkati mwake amang'ambika n'kuyamba kudutsitsa gasi uvuni uli wozima.

Pulesha siifuna kulota, imayesedwa, ndipo ngakhale popanda geji yodula mmisiri angathe kuiyesa ndi paipi yoonekera mkati. Amaipinda ngati chilembo cha U, amaikhomera pa thabwa, amathiramo madzi mpaka theka, n'kulumikiza mbali imodzi pa kabowo koyesera kamene kali mbali yolowera gasi mu valavu. Gasi amakankha madzi, ndipo kusiyana kwa misinkhu iwiriyo ndiyo pulesha: masentimita pafupifupi 28 ndi 28 mbar, masentimita 38 ndi 37 mbar. Paipiyo ikhale yaitali mokwanira kuti madzi asatulukire kunja. Werengani pulesha ma burner ali ozima, muwerengenso onse akuyaka. Madzi akagwa kwambiri, gasi sakukwana. Akamakwera pang'onopang'ono osaima pamene zonse n'zozima, regyuleta siikutseka ndipo iyenera kusinthidwa. Mukamaliza bwezerani kasikuluwu ka pa bowolo ndipo mupakepo thovu.

Chachitatu chimaoneka kwambiri mu Juni ndi Julayi, pamene ophika buledi amayatsa uvuni usiku kukuzizira. M'silinda gasi amakhala wamadzimadzi, ndipo kuti asanduke mpweya amakoka kutentha kuchokera kunja kudzera m'chitsulo cha silinda. Uvuni ukamakoka mothamanga, silinda imazizira, imachita thukuta, nthawi zina mpaka kuyera ndi chisanu m'munsi. Mzere umene thukutalo lalekezera ndi pamene pafika gasi. LPG ndi msakanizo wa propane ndi butane. Propane amawira ngakhale pa madigiri 42 pansi pa ziro, koma butane amaleka kuwira kukafika pafupi ndi ziro, ndipo ndi amene amatsalira silinda ikamatha. N'chifukwa chake uvuni umayamba bwino, pakatha ola moto n'kuchepa, chonsecho silinda ikadali yolemera. Musaiwothetse moto, musaithire madzi otentha, musaigoneke. Kuigoneka kumatumiza gasi wamadzi mu regyuleta. Njira yake ndi kusiya silinda ya makilogalamu 19 n'kutenga ya 48, kapena kulumikiza ziwiri kapena zitatu pa paipi imodzi kuti zigawane ntchito, ndipo zikhale kunja, zoimirira, pamalo opita mphepo.

Moto ukugwira, pakatha masekondi ochepa n'kuzima

Vuto ili ndi limene limagulitsa mabokosi oyatsira moto popanda chifukwa. Moto wayaka, mukuuona, koma bokosi silikudziwa kuti wayaka, ndiye likutseka gasi monga linapangidwira. Chizindikiro china n'chakuti sipaki imapitiriza kuthetheka moto uli kale pa burner.

Bokosi limadziwa za moto kudzera pa kachitsulo kowongoka kamene nsonga yake imalowa m'lawi. Mu mauvuni ena kachitsulo ka sipaki komweko ndi kamene kamagwira ntchito ziwirizi. Bokosi limatumiza magetsi pa kachitsuloko, magetsiwo amadutsa m'lawi, kulowa mu burner, n'kubwerera ku bokosi kudzera m'thupi la uvuni. Ndi magetsi ochepa zedi, ma microamp owerengeka, choncho kanthu kakang'ono kamawatsekereza. Mwaye, mafuta opserera kapena kutuwa kwa pa kachitsuloko n'kokwanira. Kapukuteni ndi sitiliwulo wofewa mpaka kawale, osagwira dothi lake mwamphamvu. Onani kuti nsonga ili m'kati mwa lawi labuluu ndipo siikukhudza burner. Kenako tsatani njira yobwerera: masikuluwu ogwira burner akachita dzimbiri, kapena waya wobiriwira ndi wachikasu wa pa bokosi akakhwepa, njirayo yaduka.

Zimenezi zikakhala bwino, pitani ku soketi. Mabokosi ambiri a mtunduwu amafuna kuti live akhale pa live, neutral pa neutral, ndiponso earth akhale weniweni. Nyumba zambiri za renti zimene zinasandutsidwa mabekale zili ndi masoketi opanda earth kapena omangidwa mopingasa, ndipo mawaya ambiri otalikitsira magetsi ali ndi nthambo ziwiri zokha mkati ngakhale pulagi yake ili ya mano atatu. Yesani motere: pakati pa live ndi earth payenera kuoneka pafupifupi 230V, pakati pa neutral ndi earth pafupifupi ziro kapena ochepa chabe. Zikasinthana, mawaya atembenuzidwa. Ngati vuto linayamba tsiku limene munasamutsa uvuni kapena munasintha pulagi, yambirani pomwepa.

Nkhani yomweyi ndi imene imachititsa kuti uvuni uziyaka bwino pa magetsi a ESCOM koma uzilira alamu pa jenereta kapena pa inveta. Majenereta ang'onoang'ono ambiri neutral wawo salumikizidwa ku earth. Mukayesa mumapeza magetsi agawikana, pafupifupi theka pa waya uyu ndi theka pa winayo, kapena manambala osakhazikika, ndipo bokosi limalephera kuwerenga lawi. Zimakonzeka, mwina polumikiza neutral ku earth pa jenereta ndi kukhoma ndodo ya earth pansi, mwina poika transformer yaing'ono yolekanitsa imene mbali yake yopita ku uvuni ili ndi neutral wakewake. Koma apa aitanidwe mmisiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, chifukwa majenereta ena anamangidwa mwakuti kulumikiza kotereku kumawotcha mawaya ake.

Mauvuni a pilot

Mauvuni akale ndi a pansi pa masitovu a m'malesitilanti ali ndi kamoto kosazima kotchedwa pilot. Mumadina nobu, mumayatsa, mumagwirabe masekondi 20 mpaka 30, n'kusiya. Kamoto kakamazima mukangosiya, yang'anani thermocouple, kachitsulo kokhala ndi waya wa kopa wopita ku valavu. Ikatenthedwa imapanga magetsi akeake amene amagwira valavu kuti ikhale yotseguka. Nsonga yake, pafupifupi sentimita imodzi, iyenera kukutidwa ndi lawi. Kamoto kakakhala kakang'ono, kachikasu, kogwedezeka, vuto ndi kabowo ka pilot kamene katsekeka, osati thermocouple. Kamoto kakakhala bwino, masulani thermocouple ku valavu, itenthetseni, muyese: yabwino imapereka ma millivolt 20 mpaka 30. Yotsika kwambiri pansi pa pamenepa yatha. Pomanga, mangani ndi zala kenako muonjezere kota imodzi yokha ndi sipanala. Kumanga mwankhanza kumaphwanya kotchinga ka pa nsonga yolowa mu valavu, ndipo yatsopano imafera pomwepo. Mauvuni ena ali ndi thermopile, yonenepa kuposa thermocouple, yopereka ma millivolt 500 mpaka 750. Ziwirizi sizilowana m'malo.

Mtundu wa lawi

Lawi labwino ndi labuluu, lokhazikika, lofanana kuyambira kumayambiriro kwa burner mpaka kumapeto. Lachikasu, lalitali, losiya mwaye pa denga la uvuni likusowa mpweya. Chotsani ufa, ulusi wa akangaude ndi zisa za mavu pakamwa pa burner, tsukani timabowo ndi bulashi ya waya, kenako tsegulani pang'ono kachitseko ka mpweya mpaka chikasu chithe. Lilongwe ili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepukirapo, choncho uvuni umene unatcheredwa ku fakitale ya m'mphepete mwa nyanja nthawi zambiri umafuna kachitsekoka katsegulidwe mowonjezera. Lawi likamanyamuka pa burner n'kumaomba phokoso, mpweya wachuluka kapena pulesha yakwera.

Pa uvuni wakale wogulidwa kunja, werengani kachitsulo kaja kolembedwa mtundu wa gasi. Ukalembedwa NG, G20 kapena 20 mbar, unapangidwira gasi wa m'mapaipi wa m'mayiko ena, amene timabowo take totulutsira gasi (majeti) n'tatikulu. Pa LPG umatulutsa malawi aakulu achikasu amene kachitseko ka mpweya sikangawakonze. Majeti onse ayenera kusinthidwa, pamodzi ndi katcheredwe ka valavu. Jeti yotsekeka imatsukidwa ndi mpweya wa kompulesa. Singano kapena msomali zimakulitsa bowo, ndipo silibwereranso.

Lawi lachikasu limatulutsa carbon monoxide, mpweya wakupha wopanda fungo. Anyamata a shifiti ya usiku akamadandaula mutu, chizungulire kapena nseru, makamaka m'miyezi yozizira pamene mawindo amatsekedwa, zimitsani uvuni, atulukire panja, ndipo amene wafooka apite naye kuchipatala msanga. Uvuniwo usayatsidwenso chumuni ndi ma burner zisanaonedwe.

Uvuni ukuyaka koma buledi sakupsa bwino

Musanaweruze kabokosi kowerenga kutentha, ikani thermometer ina pakati pa deki, tcherani madigiri 200, mudikire moto uzime ndi kuyakanso katatu, muyerekeze. Thermometer yoyeserayo iyesedwenso: mu Lilongwe madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97, osati 100, chifukwa cha kukwera kwa malo. Kusiyana kwa madigiri 5 mpaka 10 kumakonzedwa pa kabokosi pomwepo. Kukaposa apo, yang'anani sensa, kachipangizo komva kutentha kwa mu uvuni. Iyenera kukhala pa zogwirira zake, osakhudza khoma la uvuni kapena thireyi.

Sensa zofala ndi ziwiri. PT100 imakhala ndi mawaya atatu nthawi zambiri, ndipo imaonetsa ma ohm 100 pa ziro, pafupifupi 110 pa madigiri 25, ndi 176 pa madigiri 200. Ya mtundu wa K ili ndi mawaya awiri. Ikaduka, kabokosi kamaonetsa mizere kapena zilembo m'malo mwa manambala. Kuti mudziwe wolakwa, chotsani sensayo, lumikizani malo ake awiri ndi kawaya kakafupi: kabokosi kakaonetsa kutentha kwa m'chipinda, kali bwino, yafa ndi sensa. Manambala akamatsika pamene uvuni ukutentha, mawaya awiriwa atembenuzidwa, ndipo moto sudzazima wokha. Waya wa sensa ya K saonjezedwa ndi waya wamba wa kopa, chifukwa kuwerenga kumasokonekera.

Masikono akamapsa mbali imodzi, onani ngati uvuni wakhala mowongoka poika thireyi ya madzi pa deki, kenako muone ngati mbali ina ya burner siinatsekeke. Tsekerani pepala pa chitseko: likasololoka mosavuta, labala kapena chingwe cha pa chitseko chatha ndipo kutentha kukuthawira pamenepo. Pa uvuni wa fani, mota ikamang'ung'udza osazungulira koma n'kuyamba mukaikankha ndi kamtengo, kawirikawiri yafooka ndi capacitor, kachipangizo kothandiza mota kuyamba kuzungulira. Imasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, choncho itulutsidwe magetsiwo isanagwiridwe, ndipo yatsopano ikhale ya ma microfarad omwewo.

Popita kukagula chida, kaya m'mashopu a ku Old Town kapena poitanitsa kunja, nyamulani chakalecho m'manja pamodzi ndi chithunzi cha kachitsulo ka kumbuyo kwa uvuni, ndipo jambulani mawaya musanazule ngakhale mmodzi. Makoilo a solenoid amaoneka ofanana koma alipo a 220V, a 110V ndi a 24V. Valavu ikhale yolembedwa kuti ndi ya gasi, chifukwa ya madzi labala wake amadyeka ndi LPG, ndipo pomanga tsatani muvi wosonyeza kolowera gasi. Pa ulusi wa paipi gwiritsani tepi kapena phala lovomerezeka pa gasi, koma pa joini yokhala ndi wasala kapena ya mkamwa mwa belu musaikepo kalikonse. Joini iliyonse imene yamasulidwa ipakidwe thovu silinda ili yotsegula, kenako ipakidwenso ma burner akuyaka, chifukwa mbali ya kutsogolo kwa valavu imalandira gasi pokhapokha valavuyo ikatseguka.